Nthano zoopseza ana

Nthano zoopseza ana ndi nthano zimene mwana, kapena wachinyamata, amanyozera langizo la akulu kenako n'kugwa m'tsoka lalikulu: kusungunuka ndi mvula, kukwatiwa ndi chilombo, kumezedwa, kapena kuphedwa panjira. Zambiri zimakhala ndi nyimbo yaifupi pakati pake, yomwe wofotokoza amatsogolera ndipo omvera amavomera. Ngakhale mathero ake amakhala maliro, kafotokozedwe kake kamadzaza ndi nthabwala, moti ana amaseka uku akunjenjemera. Nthanozi zimapezeka m'Malawi monse, kum'mawa kwa Zambia, komanso ku Tete ndi Niassa m'dziko la Mozambique. Nkhani ino ikuziona monga zimamvekera m'dera la Liwonde, m'maboma a Machinga ndi Balaka, ndipo ikuziyerekeza ndi sewero la nyimbo la ku England lotchedwa Shockheaded Peter, lomwe linachokera m'buku la nthano zoopseza ana la ku Germany.

Dera la Liwonde

Tawuni ya Liwonde ili m'mbali mwa mtsinje wa Shire, kumunsi kwa nyanja ya Malombe. Kum'mawa kwa mtsinjewu ndi boma la Machinga. Kumadzulo ndi Balaka, lomwe linakhala boma palokha mu 1998. Mbali ziwirizi zimakumana pa Kamuzu Barrage, chotchingira madzi chomwe chinamangidwa mu 1965. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 36,000 m'tawuniyi. Dzina lake ndi la mfumu ya Chiyao, ndipo m'misika ndi m'midzi yozungulira mumamveka Chiyao ndi Chichewa mosakanikirana, pamodzi ndi Chilomwe apo ndi apo. N'chifukwa chake si zachilendo kumva nthano ikufotokozedwa m'chilankhulo china pamene nyimbo yake ili m'chinanso. Mawu a nkhani amasintha ndi pakamwa pa wofotokoza, koma nyimbo imauma mutu, imakhalabe m'chilankhulo chimene inabwera nacho, ngakhale oimbawo asakumva tanthauzo la mawu ena.

Zilombo za m'nthano kuno si za kutali. Malo osungira nyama a Liwonde National Park, omwe anakhazikitsidwa mu 1973, amayambira pafupi ndi tawuni, ndipo mumtsinje muli ng'ona ndi mvuu zambiri. Bungwe la African Parks, lomwe linayamba kuyang'anira malowa mu 2015, linazunguliza mpanda wamagetsi pofuna kuchepetsa mkangano wa anthu ndi njovu. Waya amabweza njovu, koma padooko pamene amayi amatunga madzi ndi pamene ana amasamba palibe waya. Mayi wa kuno akamaletsa mwana kupita yekha kumtsinje madzulo, amakhala akunena za chinthu chimene mudzi wonse unachionapo.

Kafotokozedwe ndi nyimbo

Nthawi ya nthano ndi madzulo, anthu atadya, makamaka m'nyengo yokolola ikatha ndi m'miyezi yozizira pamene ana amaunjikana pamoto. Ofotokoza ambiri ndi agogo aakazi, amayi ndi azakhali, ngakhale ana okulirapo nawonso amapatsana mpata. Wofotokoza amatsegula ndi mawu akuti "Padangokhala", omvera n'kuyankha kuti "Tilitonse", ndipo yankholi limabwerezedwa pa mpumiro uliwonse mpaka nthano kutha. Likasiya kumveka, wofotokoza amadziwa kuti ana agona kapena nkhani yazirala. M'Chiyao nthano zotere zimatchedwa ndano, ndipo nazonso zimayenda ndi kuvomera kwa omvera.

Nyimbo ndiyo msana wa nthano yoopseza. Imakhala yaifupi, mizere iwiri kapena inayi, ndipo imabwera pamalo oopsa okhaokha: pamene mitambo yayamba kuda, pamene chilombo chayandikira khomo, pamene wakufa akufuna kulankhula. Imabwerezedwa katatu kapena kanayi m'nthano imodzi, mawu ake osasintha. Chimene chimasintha ndi zimene omvera akudziwa. Ulendo woyamba amaimba mosangalala chifukwa ngozi yapewedwa; ulendo womaliza amaimba mawu omwewo akudziwa kuti mwana sapulumuka. Wofotokoza waluso amaichedwetsa nyimboyo, kapena kutsitsa mawu mpaka kunong'ona, ndipo ana, amene anayamba ndi kuwomba m'manja, amapezeka akuperekeza mnzawo kumanda ndi pakamwa pawo pomwe.

Palibe ng'oma kapena zovala zapadera. Munthu mmodzi, atakhala pamphasa, amakhala mayi, mwana, fisi ndi mvula. Fisi amalankhula ndi m'mphuno, nkhalamba imanjenjemera mawu, ndipo mawu oyerekeza monga "phwa", "khotcho", "zii" ndi "balala" amagwira ntchito imene zounikira ndi zokuzira mawu zimagwira m'nyumba ya zisudzo.

Pambali pa nthano pali timalangizo tatifupi toopseza timene ana amakula nato: kuti woloza manda chala chake chimapindika, kuti wokhala pamtondo amatuluka zithupsa, kuti kuimba mluzu usiku kumaitana afiti. Timeneti ndi nthano zodulidwa mutu ndi mchira, kwangotsala lamulo ndi chilango chake.

Kamdothi

Nthano yodziwika kwambiri ya mtundu uwu ndi ya Kamdothi. Mayi wina anakhala zaka zambiri wopanda mwana, anzake akumuseka pachitsime. Tsiku lina anakumba dothi la mtapo, lomwe amaumbira mbiya, naumba kamwana. Ofotokoza ena amati anakavundikira mumphika masiku angapo. Ena amati anachita kulangizidwa ndi sing'anga kapena nkhalamba ya kutchire. Kamwanako kanakhala ndi moyo, kanayamba kuyenda ndi kulankhula. Kwina amati anali mnyamata, kwina mtsikana. Lamulo linali limodzi lokha: asanyowe ndi mvula.

M'chilimwe zonse zinayenda bwino. Dzinja litayandikira, mwanayo ankapitabe kosewera ndi anzake, ndipo mitambo ikayamba kusonkhana mayi ankaima pakhomo n'kuimba nyimbo yomuitana kuti athawe. Kamdothi ankavomera ali paliwiro, n'kulowa m'nyumba madontho oyamba akugwa. Zinatero kawiri, katatu, ndipo ulendo uliwonse anzake ankamukokera patali pang'ono. Tsiku lomaliza mvula inamupeza ali kutali. Apa ndi pamene wofotokoza amachedwa dala. Dzanja limayamba kufewa, khutu limagwa, mwendo umodzi umatsalira m'matope, mwanayo akukwawabe ndi kuvomera nyimbo ya mayi ake ndi mawu omka nachepa. Pofika pakhomo pamangokhala kamulu ka dothi.

Phunziro limene limanenedwa kumapeto ndi lakuti mwana azimvera makolo. Koma nthanoyi ndi yakuya kuposa phunziro lake. Kamdothi sanabe, sananame, sanatukwane munthu. Cholakwa chake n'kufuna kusewera monga ana ena. Ndiponso mvula imene inamupha ndi yomweyo imene mudzi wonse unkaiyembekezera kuti udzale chimanga. Ana akamamva amaopa mvula ndi kusamvera. Amayi amene akhala kumbuyo kwawo amamva zina: nkhani ya mkazi wonyozedwa chifukwa chosabereka, ndi ya mwana wofooka amene kholo limamulera likudziwa kuti dzinja lina lidzamutenga. M'midzi ya m'mbali mwa Shire, miyezi ya mvula ndiyonso ya malungo ndi matenda otsegula m'mimba, ndipo kale inali miyezi imene manda a ana ankachuluka. Nthano ya mwana wosungunuka m'dzinja siinkafuna kumasulira kwa amayi otero.

Komabe ana amaseka. Khutu likagwa amaseka, wofotokoza akayerekeza kuthamanga kwa munthu wa mwendo umodzi amaseka, ndipo kusekako sikuchotsa chisoni chimene chimabwera pambuyo pake. Mlembi Steve Chimombo anailembanso nthanoyi m'Chingerezi m'kabuku ka ana kotchedwa Child of Clay.

Nthano zina za mtundu uwu

Ina yofala ndi ya mtsikana wokana amuna. Anyamata a m'mudzi amabwera kudzamufunsira, iye n'kumapeza chilema pa aliyense. Kenako pamafika mlendo wosalala, wovala bwino, wosadziwika kwawo, ndipo mtsikanayo amamulola tsiku lomwelo. Mlendoyo ndi fisi, mkango kapena njoka imene yabwereka thupi la munthu. Mlongo wake wamng'ono wa mtsikanayo, amene kawirikawiri amakhala wamphere kapena wamanthongo ndipo amathamangitsidwa kuti asawatsate, ndiye amagona maso n'kumva zilombo zikuimba usiku za nyama imene zikuinenepetsa. Mbali yoseketsa ndi ya mkamwini wachilendoyo, amene amayesetsa kukhala ndi ulemu pamaso pa apongozi uku mchira ukufuna kutuluka, kapena akuba mafupa kuseri kwa nyumba. M'dera la ukwati wa chikamwini monga la Ayao ndi Amang'anja, kumene mwamuna amabwera kudzakhala kwa mkazi ndipo ankhoswe amayenera kudziwa kwawo, nthanoyi imachenjeza za kutsata munthu amene mbiri yake palibe akuidziwa.

Nthano ya Sikusinja ndi Gwenembe ndi yoopsa mwa njira ina. Anyamata awiri apachibale amapita kutali kukagwira ntchito. Wina amasunga zimene wapeza, wina amamwaza, ndipo pobwerera womwazayo amapha mnzakeyo n'kutenga katundu wake. Kambalame kamatulukira n'kuyamba kuimba zimene zachitika. Wakuphayo amakagenda, kukapha, kukatentha, kukasinja, koma akangoyenda pang'ono kamatera patsogolo pake n'kuyambiranso nyimbo yomweyo, mpaka kukafika nayo pabwalo la mudzi. Apa nyimbo ndi mboni, ndipo ana ovomera amakhala mbali ya kambalameko. Mkwiyo wa munthu wamkulu amene akulephera kutseka pakamwa kanthu kakang'ono ndi umene umaseketsa. J. W. Gwengwe analemba nthanoyi m'buku la dzina lomweli m'zaka za m'ma 1960, pamene amuna ambiri a m'dziko muno ankapita kumigodi ya ku Joni ndi ku Rhodesia, ena osabwerako.

Si nthano zonse zimene zimaimba mlandu mwana. Ya Kalikalanje, yomwe Ayao amaidziwa bwino ndipo Anyanja ena amaitcha Kachirambe, imatembenuza zinthu. Mayi ali ndi pakati amalonjeza fisi kuti adzam'patsa mwana amene adzabadwe, posinthana ndi nyama kapena pofuna kupulumutsa moyo wake. Mwanayo amabadwa akuyenda ndi kulankhula, ndipo amadziwa zonse. Mayi akamumeta mbali imodzi ya mutu kuti fisi amuzindikire usiku, iye amameta anzake onse chimodzimodzi. Fisi akabisala mumtolo wa udzu umene mwanayo watumidwa kukasenza, iye amaima patali n'kunena kuti ayese kaye uta wake pa mtolowo, fisi n'kuliyatsa liwiro. Mathero amasiyana: kwina mayi amakhululukidwa, kwina amalipira ndi moyo wake. Mwana amene wamva Kamdothi Lolemba n'kumva Kalikalanje Lachiwiri amaphunzira zinthu ziwiri zosagwirizana, kuti mawu a mayi amapulumutsa ndiponso kuti nthawi zina mayi yemweyo ndiye wapangana ndi fisi. Agogo sataya nthawi kugwirizanitsa ziwirizi.

Kuseka pa zoopsa

Kusakaniza imfa ndi nthabwala si kwa nthano zokha. Pamaliro ambiri m'Malawi pamakhala adzukulu kapena anthu a chinansi amene mwambo umawalola kuseka anamfedwa, kuyerekeza kayendedwe ka malemu, ngakhale kulanda chakudya, ndipo palibe amene amawaletsa. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulengeza mu 2005 kukhala chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, amavinidwa pamaliro ndi pachinamwali, ndipo zilombo zake zambiri zimaphunzitsa poonetsa khalidwe loipa mokokomeza mpaka anthu kuseka, uku ana akuthawa ndi mantha. Kwa Ayao, malangizo a ku jando ndi ku nsondo nawonso amadutsa m'nyimbo ndi m'mafanizo. Nthano ya pamoto ndi kalasi yoyamba ya sukulu yomweyi: mwana amaphunzira kuti chinthu chikhoza kukhala choopsa ndi choseketsa pa nthawi imodzi, ndipo amachiphunzira ali pamwendo pa agogo ake, pamene fisi sangamufike.

Kuchoka pamoto kupita pabwalo la zisudzo

Zisudzo zamakono za m'Malawi zinakulira kwambiri m'sukulu. Mpikisano wa masewero a Chingerezi wa bungwe la aphunzitsi la ATEM unayamba mu 1969, ndipo gulu la Travelling Theatre la ku Chancellor College, koleji yomwe inasamukira ku Zomba mu 1973, linkayenda ndi masewero m'maboma. Lamulo la 1968 lounika mabuku ndi zisangalalo linkafuna kuti sewero lililonse livomerezedwe lisanaonetsedwe. Pa chifukwa ichi nthano ndi mbiri zakale zinakhala chofunda chabwino: wolemba ankatha kunena za mfumu yankhanza kapena chilombo chomeza anthu, n'kuyankha wofunsa kuti ndi nkhani ya agogo chabe. Chimombo anachita zotere ndi Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene anthu amati chinayambitsa chigumula cha ku Zomba mu 1946, ndiponso ndi mbiri ya Mbona m'sewero lake la The Rainmaker.

Dera la Liwonde lili ndi malo akeake m'mbiri imeneyi. Chapakati pa zaka za m'ma 1980, gulu la ku Chancellor College, motsogozedwa ndi aphunzitsi monga Christopher Kamlongera ndi David Kerr, linagwira ntchito ndi nthambi ya zaumoyo wa m'midzi ya ku Liwonde, yomwe inkathandizidwa ndi bungwe la ku Germany la GTZ. M'midzi ya Mwima ndi Mbela ankachita masewero okhudza zitsime, zimbudzi ndi matenda obwera ndi madzi oipa. Masewerowa sanali nthano za ana, koma anabwereka zida za nthano. Ankachitikira pabwalo, anthu atazungulira. Ankayamba ndi nyimbo ndi magule a komweko. Ochita sewero ankaima pakati pa nkhani n'kufunsa anthu chochita, anthuwo n'kuyankha monga amayankhira "Tilitonse". Munthu wouma mutu wa m'sewero ankaseketsa, ndipo kuuma mutu kwakeko kunkabweretsa matenda pakhomo. Pambuyo pake anthu a m'midziyo anayamba kupanga masewero awoawo. Kerr analemba za ntchitoyi mu 1989, ndipo Kamlongera ndi Ezekiel Kalipeni analembanso za iyo mu 1996.

Njira yophunzitsa mwa kuseketsa ndi tsoka la munthu wosamva inapitirira m'masewero a pa wailesi monga Kapalepale, m'magulu monga Kwathu, ndi mwa Izeki ndi Jakobo, omwe anali John Nyanga ndi Eric Mabedi. Omvera awo anali akuluakulu, koma anali akuluakulu oleredwa ndi nthano.

Struwwelpeter ndi Shockheaded Peter

Ku Ulaya nthano zoopseza ana zinalowa m'nyumba ya zisudzo mwachindunji, nyimbo zake n'kukhala chakudya cha akuluakulu. Chiyambi chake ndi kabuku ka dokotala wa mumzinda wa Frankfurt, Heinrich Hoffmann (1809–1894). Pa Khirisimasi ya 1844 anafuna kugulira mwana wake wa zaka zitatu buku la zithunzi, koma zimene anapeza m'masitolo sizinamukondweretse. Anagula kope n'kulemba yekha ndakatulo ndi kujambula zithunzi. Kabukuko kanasindikizidwa mu 1845, ndipo patapita zaka zochepa kanafika pa nkhani khumi n'kudziwika ndi dzina lakuti Der Struwwelpeter, kutanthauza Peter wa tsitsi lanyankhalala. Kanamasuliridwa m'Chingerezi mu 1848.

Peter amakana kupesa tsitsi ndi kuwenga zikhadabo mpaka aliyense kunyansidwa naye. Mtsikana wina amaseweretsa machesi makolo atachoka, amapsa n'kutsala phulusa ndi nsapato, amphaka awiri akulira pambali. Konrad amayamwa chala, ndipo telala amalowa ndi sizasi yaikulu n'kudula zala zazikulu zonse ziwiri. Kaspar, mwana wonenepa, amakana supu, n'kumwalira tsiku lachisanu ataonda ngati ulusi. Robert amatuluka ndi ambulera kunja kuli mkuntho, mphepo n'kumuulutsa osaonekanso. Ameneyu ndiye msuweni wa Kamdothi. Pali nkhani inanso imene wowerenga wa ku Africa amaima nayo kaye: anyamata atatu amaseka mnyamata wakuda, ndipo chilango chawo n'kuviikidwa mu inki kuti ade kuposa iye. Nkhaniyo imaletsa kunyoza, koma imatero poyesa khungu lakuda chilango.

Mu 1998 kabukuka kanasanduka sewero la nyimbo lotchedwa Shockheaded Peter, lomwe linayambira ku West Yorkshire Playhouse mumzinda wa Leeds n'kupita ku Lyric Hammersmith ku London. Analitsogolera ndi Julian Crouch ndi Phelim McDermott, ndipo nyimbo zinali za gulu la The Tiger Lillies, lomwe Martyn Jacques analiyambitsa ku London mu 1989. Jacques amadzipaka nkhope yoyera, amaliza akodiyoni, ndipo amaimba ndi mawu okwera kwambiri onga a mkazi. Adrian Stout ankaliza besi yaikulu yoimika pansi, ya mawu onga a babatoni, pamene Adrian Huge ankamenya ng'oma, ziwiya za kukhitchini ndi zoseweretsa za ana. Kaimbidwe kawo ndi ka kabareti, zisangalalo za m'timabala ta usiku zimene zinayambira ku Paris pa Le Chat Noir mu 1881 n'kukula ku Berlin, kumene nyimbo za umbanda ndi umphawi zinkaimbidwa monyodola pamaso pa anthu akumwa. Sewero la Bertolt Brecht ndi Kurt Weill la 1928, Die Dreigroschenoper, ndi kholo lake lodziwika.

M'buku la Hoffmann ana ofa ndi ochepa. Ambiri amangovulala kapena kuchita manyazi. The Tiger Lillies anapha pafupifupi onse. Konrad amataya magazi mpaka kufa, ndipo nyimbo zambiri zimathera pa kulengeza mokondwa kuti mwanayo wafa, oonerera n'kuphulika ndi phwete. Ana ambiri ankaseweredwa ndi zidole, pa nsanja yokhala ndi zitseko ndi mawindo ambirimbiri, ndipo Julian Bleach ankasewera mwini bwalo wodzitama amene zinthu zimamuonongekera m'manja. Seweroli linapambana mphoto ya Olivier mu 2002, Jacques n'kulandiranso yakeyake, ndipo linaonetsedwa ku New York mu 1999 ndi mu 2005.

Opanga seweroli anawonjezera nkhani imene mulibe m'buku. Mwamuna ndi mkazi olemera akhala nthawi yaitali akulakalaka mwana. Dokowe, mbalame imene ana a ku Ulaya amauzidwa kuti ndiyo imabweretsa makanda, amawabweretsera khanda la tsitsi lanyankhalala ndi zikhadabo zazitali. Makolowo amanyansidwa nalo n'kulikwirira pansi pa matabwa a m'nyumba mwawo. Zaka zikamapita amasokonezeka mutu, ndipo mwanayo akamadzatulukanso iwo amakhala atasanduka ofanana naye. Motero Kamdothi ndi Shockheaded Peter zimayambira pa khomo limodzi, la banja lopanda mwana limene lalandira mwana wosakhala ngati ena. Mayi wa Kamdothi amamukonda mwana wake wadothi n'kulephera kumuteteza; makolo a Peter ali ndi zonse zomutetezera koma amamubisa. Sewero la ku London linachotsa mlandu pa ana n'kuuika pa makolo, chinthu chimene nthano ya Kalikalanje inachita kalekale.

Kusiyana kwakukulu kuli pa omvera. Ku London anthu akuluakulu amagula tikiti kuti akaseke njira imene makolo awo ankawaopsezera, amaseka phunzirolo. Pamoto ku Machinga phunziro silisekedwa, chifukwa mtsinje uli pomwepo. Chimene chimasekedwa ndi fisi wovala jekete ndi khutu logwa m'matope.

Mtsutso wake

Ku Germany buku la Hoffmann lakhala likutsutsidwa kuti limalera ana ndi mantha. Mu 1970 Friedrich Karl Waechter anatulutsa Der Anti-Struwwelpeter, m'mene ana ndi amene amapambana akuluakulu. Ena amaliteteza ponena kuti kukokomeza kwake n'kwadala, kuti ngakhale mwana wa zaka zinayi amadziwa kuti palibe telala wodula zala. Olemba a Chingerezi monga Hilaire Belloc, m'buku la 1907 la Cautionary Tales for Children, anatengera mtundu womwewu n'kuusandutsa nthabwala yeniyeni.

M'Malawi mtsutso wotere umamveka mosiyana pang'ono. Mabuku a sukulu amakonda nthano za Kalulu ndi Fulu, ndipo akatenga nthano yoopsa amaifupikitsa n'kuika phunziro lake m'chiganizo chimodzi pansi. Papepala nyimbo imasanduka mizere iwiri yopanda chuni, yomwe wophunzira amaidumpha. Chotsala ndi chilango chokhachokha, ndipo nthano imaoneka yankhanza kuposa mmene imamvekera pakamwa pa agogo, pamene mwana amaimba nawo, kuseka, ndi kutsamira munthu amene akumuopsezayo.

Kusonkhanitsa ndi kusunga

Nthano za dera lino zinayamba kulembedwa ndi amishoni. Duff Macdonald, wa mishoni ya Blantyre, anaika nthano zambiri za Chiyao m'buku lake la Africana la 1882, ndipo ya Kalikalanje ili m'gulu limenelo. R. S. Rattray anatulutsa nthano ndi nyimbo za Chinyanja mu 1907, ndipo Alice Werner anayerekeza nthano za mitundu yambiri m'buku la 1933 la Myths and Legends of the Bantu. Pambuyo pa ufulu kunabwera Tales of Old Malawi la E. Singano ndi Adrian Roscoe, Land of Fire la Matthew Schoffeleers ndi Roscoe mu 1985, ndi Malawian Oral Literature la Chimombo mu 1988. Olemba oyambawo analibe njira yosungira mawu a nyimbo monga amamvekera. Gerhard Kubik ndi Moya Aliya Malamusi, pogwira ntchito ku Chileka ndi madera ena, anajambula ofotokoza pa tepi, kuvomera kwa omvera kuli momwemo.

Mu 2012, nthambi ya UNESCO ya m'Malawi pamodzi ndi National Library Service anayamba kuyenda m'maboma kujambula nthano pa kanema m'zilankhulo zosiyanasiyana, ndipo ku laibulale ya ku Lilongwe kunakhazikitsidwa masiku ofotokozera ana nthano. M'midzi ya ku Machinga ndi Balaka, madzulo a ana tsopano amagawidwa pakati pa moto, wailesi, foni ndi timanyumba toonetsa kanema pa malo a malonda monga Ulongwe, Mwima ndi Ntaja, kumene mafilimu a ufiti ndi mizukwa a ku Nigeria, ndi ena omasuliridwa m'Chichewa mwanthabwala, amadzaza mabenchi.